Kawerengedwe ka phindu ndi kuluza pa masheya mu pulogalamu ya pafoni kapena pakompyuta

Pulogalamu yotsatira masheya ndi kaundula wa pafoni kapena pakompyuta momwe munthu amalembamo masheya onse amene adagula, tsiku logulira, mtengo wake, ndi ndalama zonse zimene zidalowa kapena kutuluka chifukwa cha masheyawo. Ikapatsidwa mtengo wa lero, imawerenga yokha n'kuonetsa nambala, yobiriwira ngati pali phindu, yofiira ngati munthu waluza. Ambiri amaona nambala imeneyi n'kuganiza zogulitsa kapena kusunga. Koma nambalayo imakhala yoona pokhapokha zonse zofunika zitalembedwa, ndiponso mwini wake akudziwa njira imene pulogalamuyo yatsata powerenga.

Masheya ndi msika wake m'dziko muno

Sheya ndi kagawo kakang'ono ka umwini wa kampani. Ku banki ndi m'makalata a Chipwitikizi masheya amalembedwa kuti acções, ndipo masheya onse amene munthu mmodzi ali nawo amatchedwa carteira. M'dziko muno masheya amagulitsidwa pa msika wa Bolsa de Valores de Moçambique (BVM) ku Maputo, umene udayamba ntchito mu 1999. Pa msikawu pali makampani monga Cervejas de Moçambique (CDM), Companhia Moçambicana de Hidrocarbonetos (CMH), kampani ya inshuwalansi ya EMOSE ndi Hidroeléctrica de Cahora Bassa (HCB). Munthu sagula yekha pa msikawu. Amadzera ku banki kapena kwa mkhalapakati wovomerezeka, amene amalandira malipiro pa ntchito imeneyi.

Nkhani ya masheya idafika pafupi ndi anthu a m'chigawo cha Tete mu 2019, pamene HCB, imene imapanga magetsi pa mtsinje wa Zambezi ku Songo, idagulitsa 4 peresenti ya umwini wake kwa anthu ndi mabungwe a ku Mozambique pa mtengo wa 3 meticais (MT) pa sheya imodzi. Masheyawo adalowa pa BVM mu Julayi chaka chomwecho. Mtengo wotsika chonchi udatheketsa ngakhale munthu wa ndalama zochepa kugulako. Mlimi amene adapatula kangachepe pa ndalama za fodya, soya kapena mbatata ya kachewere n'kugula masheya amakhala ndi funso lofanana ndi la kumunda: kodi zomwe zidalowa zabwerera, ndipo zabwera ndi zingati pamwamba?

Zomwe zimalembedwa mu pulogalamu

Pulogalamu ikhoza kukhala yopangidwira ntchito imeneyi yokha, kapena tebulo wamba la mu Excel kapena Google Sheets. Zonsezi zimafuna zinthu zofanana. Pa kugula kapena kugulitsa kulikonse pamalembedwa tsiku, dzina la kampani, chiwerengero cha masheya, mtengo wa sheya imodzi, malipiro a banki ndi a msika, komanso mtundu wa ndalama, kaya ndi metical kapena kwacha. Pamalembedwanso madividendi amene alandiridwa ndi msonkho umene wadulidwapo. Zonsezi zimapezeka pa kalata imene banki imapereka ikamaliza kugula kapena kugulitsa, ndi pa extracto ya akaunti.

Chotsiriza ndi mtengo wa lero, umene amautcha cotação. Mapulogalamu ambiri opangidwa kunja amatenga okha mitengo ya misika ikuluikulu monga New York, London ndi Johannesburg. Mitengo ya ku Maputo kawirikawiri imalowetsedwa pamanja, kuchokera pa zomwe BVM imafalitsa kapena zomwe banki yapereka. Mtengo ukakhala wa miyezi itatu yapitayo, phindu loonekalo limakhalanso la miyezi itatu yapitayo.

Mtengo weniweni wogulira

Mlimi powerenga phindu la chimanga saiwala mbewu, feteleza, aganyu, matumba ndi ngolo yotutira. Masheya nawo ali ndi zolowa zake. Mtengo weniweni wogulira ndi mtengo wa masheya kuphatikiza malipiro onse a tsiku logulalo.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a kampani iliyonse. Mlimi wagula masheya 1,000 pa 3 MT iliyonse, zomwe ndi 3,000 MT, ndipo malipiro a banki ndi msika ndi 60 MT. Walowetsa 3,060 MT, ndiye kuti sheya imodzi yamudyera 3.06 MT. Chaka china mtengo watsika, iye wagulanso masheya 500 pa 2.40 MT, zomwe ndi 1,200 MT, ndi malipiro a 30 MT. Ulendo wachiwiriwu walowetsa 1,230 MT. Tsopano ali ndi masheya 1,500 amene amudyera 4,290 MT. Kugawa 4,290 ndi 1,500 kumapereka 2.86 MT, ndipo umenewu ndiwo mtengo wapakati wa sheya imodzi.

Mtengo wa lero ukafika pa 3.20 MT, masheya 1,500 aja amakwana 4,800 MT. Kuchotsapo 4,290 MT kumatsala 510 MT. Pofuna peresenti, pulogalamu imagawa phindu ndi ndalama zimene zidalowa, n'kuchulukitsa ndi 100. Apa yankho ndi 11.9 peresenti. Malipiro aja akadapanda kulembedwa, pulogalamu ikadaona ngati padalowa 4,200 MT zokha, n'kuonetsa phindu la 600 MT kapena 14.3 peresenti. Kusiyanaku kumakula kwambiri kwa munthu wogula pang'onopang'ono, chifukwa kugula kulikonse kumabwera ndi malipiro ake.

Phindu la papepala ndi phindu la m'manja

510 MT ija ndi phindu la papepala. Likufanana ndi chimanga cha m'nkhokwe chimene mwini wake akuchiwerengera pa mtengo umene wamva kumsika wa ku Ulónguè: mtengowo ndi weniweni, koma ndalama sizinalowe m'thumba. Mawa mtengo ukagwa kufika pa 2.50 MT, masheya omwewo amakwana 3,750 MT ndipo pulogalamu imaonetsa kuluza kwa 540 MT. Kuluza kumeneku nakonso ndi kwa papepala, poti masheya onse 1,500 akadalipo.

Phindu la m'manja limabwera munthu akagulitsa. Limawerengedwa potenga ndalama zimene zalandiridwa, malipiro ogulitsira atachotsedwa kale, n'kuchotsapo mtengo wogulira wa masheya amene agulitsidwawo. M'makalata a banki phindu lotere limatchedwa mais-valia, ndipo kuluza kumatchedwa menos-valia. Pulogalamu yabwino imaika mitundu iwiriyi m'mizere yosiyana. Ina imaonetsa phindu la papepala lokha patsamba loyamba, moti zimene munthu adapeza kapena kuluza pa masheya amene adagulitsa kale zimabisika mkati.

Palinso chinthu china chokhudza msika waung'ono ngati wa ku Maputo. Masheya a makampani ena amatha masiku angapo osagulidwa. Mtengo umene ukuoneka ndi wa malonda omaliza, ndipo si lonjezo lakuti wogula alipo lero pa mtengo womwewo. Wofuna ndalama mwachangu, monga za feteleza mvula ikayandikira, akhoza kudikira kapena kuvomera mtengo wotsikirapo. Apa phindu la papepala limachepa pofika m'manja.

Njira ziwiri zowerengera pogulitsa gawo chabe

Munthu akagulitsa masheya onse, masamu ake ndi osavuta. Vuto limabwera akagulitsa gawo chabe la masheya amene adagulidwa pa mitengo yosiyana, chifukwa pulogalamu iyenera kusankha kuti amene atuluka ndi ati.

Mlimi uja wagulitsa masheya 600 pa 3.20 MT, zomwe ndi 1,920 MT. Malipiro ogulitsira ndi 40 MT, choncho walandira 1,880 MT.

Njira yoyamba ndi ya mtengo wapakati. Masheya onse amatengedwa ngati chimanga chimene chathiridwa m'nkhokwe imodzi, chosasiyanitsikanso. Sheya iliyonse imawerengedwa pa 2.86 MT, ndiye 600 aja adadya 1,716 MT. Phindu la m'manja ndi 164 MT. Masheya 900 otsala adadya 2,574 MT, lero akukwana 2,880 MT, ndipo phindu lawo la papepala ndi 306 MT.

Njira yachiwiri imalembedwa kuti FIFO m'mapulogalamu ambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti oyamba kugulidwa ndiwo oyamba kugulitsidwa, monga mmene banja limayambira kudya chimanga chakale lisanatsegule matumba atsopano. Masheya 600 aja amachokera pa 1,000 oyamba, a 3.06 MT, ndiye adadya 1,836 MT. Phindu la m'manja ndi 44 MT yokha. Otsala ndi 400 akale, a 1,224 MT, ndi 500 achiwiri, a 1,230 MT, pamodzi 2,454 MT. Phindu lawo la papepala ndi 426 MT.

Pa njira yoyamba, 164 kuphatikiza 306 ndi 470 MT. Pa yachiwiri, 44 kuphatikiza 426 ndi 470 MT yomweyo. Chuma cha mlimiyo sichinasinthe. Chasintha ndi kagawidwe ka phindu pakati pa la m'manja ndi la papepala. N'chifukwa chake anthu awiri amene adagula ndi kugulitsa mofanana amatha kuona manambala osiyana pa mafoni awo popanda wolakwa. Chofunika ndi kudziwa njira imene yasankhidwa mu pulogalamu ndi kusaisinthasintha. Pa nkhani ya msonkho, njira yotsatidwa ndi imene lamulo lanena, ndipo zimenezi amafotokoza a banki kapena a Autoridade Tributária.

Madividendi

Kampani ikapeza phindu, msonkhano waukulu wa eni masheya ukhoza kuvomereza kuti gawo la phindulo ligawidwe. Ndalama zimenezi ndi madividendi, ndipo zimalipiridwa pa sheya iliyonse. Sizibwera mwalamulo chaka chilichonse, zimadalira momwe kampani yachitira ndi zimene msonkhanowo wagwirizana. Msonkho umadulidwa ndalamazo zisanafike ku akaunti.

Pa chitsanzo chija, kampani ikapereka 0.20 MT pa sheya, masheya 900 amabweretsa 180 MT. Msonkho ukakhala 10 peresenti, kumachoka 18 MT n'kutsala 162 MT. Polemba mu pulogalamu, ndalama imene yafikadi ku akaunti ndiyo imasonyeza zimene munthu wapeza. Phindu lonse la mlimi uja tsopano ndi 470 kuphatikiza 162, zomwe ndi 632 MT, kapena 14.7 peresenti ya 4,290 MT imene idalowa.

Kuiwala madividendi kumachititsa sheya kuoneka yoipa kuposa mmene ilili. Sheya yogulidwa pa 3 MT imene lero ili pa 2.70 MT imaoneka yofiira ndi 10 peresenti. Koma ngati pa zaka zimene yasungidwa yabweretsa madividendi okwana 0.50 MT msonkho utachoka, mwini wake ali pamwamba ndi 0.20 MT pa sheya iliyonse. Ili ngati ng'ombe imene mtengo wake watsika pamsika koma yakhala ikukamidwa zaka zonsezi.

Peresenti, nthawi ndi kukwera kwa mitengo

Peresenti yopanda nthawi imanamiza. 10,000 MT ikasanduka 12,000 MT, phindu ndi 20 peresenti. Zikachitika m'chaka chimodzi, ndi 20 peresenti pachaka. Zikatenga zaka zinayi, ndi pafupifupi 4.7 peresenti pachaka, chifukwa phindu la chaka chilichonse limawerengedwa pamwamba pa la chaka chatha. Nambala ya pachaka imeneyi ndiyo ingayerekezedwe ndi chiwongoladzanja cha akaunti yosungira ndalama ku banki kapena ndi phindu la munda. Ndalama zikalowa ndi kutuluka pa masiku osiyanasiyana, Excel imapeza nambalayi ndi lamulo lotchedwa XIRR, limene mu Excel ya Chipwitikizi limalembedwa XTIR. Limafuna mndandanda wa masiku ndi ndalama: zolowa zimalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, zolandiridwa ndi mtengo wa lero zimalembedwa popanda chizindikirocho.

Mapulogalamu ambiri sawerengera kukwera kwa mitengo ya zinthu. Ngati thumba la feteleza lidali 2,000 MT pamene mlimi ankagula masheya, 10,000 MT ikadagula matumba 5. Patapita zaka zinayi thumbalo likafika pa 2,600 MT, 12,000 MT ija imagula matumba 4 n'kutsala 1,600 MT, yosakwana thumba lachisanu. Foni ikuonetsa zobiriwira, koma feteleza amene ndalamazo zingagule wachepa.

Kutsika ndi kukwera sikulingana. Sheya ikatsika kuchoka pa 4 MT kufika pa 2 MT, yagwa ndi 50 peresenti. Kuti ibwerere pa 4 MT iyenera kukwera ndi 100 peresenti. Ikangokwera ndi 50 peresenti imafika pa 3 MT basi. Pa chifukwa chomwecho, maperesenti a makampani osiyana saphatikizidwa n'kugawidwa pakati. Munthu amene adaika 9,000 MT pa kampani imene yatsika ndi 10 peresenti, ndi 1,000 MT pa ina imene yakwera ndi 30 peresenti, waluza 900 MT n'kupeza 300 MT. Pa carteira yonse waluza 600 MT, zomwe ndi 6 peresenti.

Metical ndi kwacha

M'madera a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Macanga anthu amagwira metical ndi kwacha yomwe. Ku Blantyre kuli msika wa Malawi Stock Exchange, kumene mitengo ya masheya imanenedwa m'kwacha. Munthu amene ali ndi masheya kumeneko koma amagula zofunika za pakhomo ndi metical ali ndi zinthu ziwiri zosintha: mtengo wa sheya ndi mtengo wa ndalama.

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Nthawi yomweyo metical idakhazikika pa pafupifupi 64 MT pa dola. Masheya a K100,000 kwacha isanagwe ankafanana ndi madola pafupifupi 85, kapena 5,400 MT. Masheya omwewo akakwera kufika pa K120,000 kwacha itagwa, pulogalamu yowerengera m'kwacha imaonetsa phindu la 20 peresenti. Koma K120,000 pa mtengo watsopano ndi madola pafupifupi 71, kapena 4,500 MT. M'metical munthuyo waluza pafupifupi 900 MT.

Pofuna kupewa chisokonezochi, mu pulogalamu mumasankhidwa ndalama imodzi yowerengera zonse. Zogula zimasinthidwa pa mtengo wa ndalama wa tsiku logulira, zogulitsa pa wa tsiku logulitsira, ndipo masheya otsala pa wa lero. Mtengo wa osintha ndalama pamalire monga pa Calómuè kapena Zóbuè umasiyana ndi wa banki, choncho polemba pamagwiritsidwa ntchito mtengo umene munthu adasinthiradi.

Zolakwika zimene zimasokoneza manambala

Choyamba ndi kutenga ndalama zoonjezera ngati phindu. Carteira ikachoka pa 4,800 MT kufika pa 7,800 MT chifukwa mwini wake wagula masheya ena a 3,000 MT, phindu silinakwere ngakhale ndi metical imodzi. Mzere wosonyeza kukula kwa chuma ndi wosiyana ndi mzere wa phindu.

Chachiwiri ndi kalembedwe ka manambala. M'Chipwitikizi 3,06 ndi meticais atatu ndi masentavo 6, ndipo 1.500 ndi chikwi ndi mazana asanu. M'kalembedwe ka ku Malawi ndi ka Chingerezi, kamene kagwiritsidwa ntchito m'nkhani ino, zizindikiro ziwirizi zimasinthana malo. Foni yoikidwa pa Chipwitikizi ikhoza kuwerenga 1,500 ngati sheya imodzi ndi theka. Masiku nawonso amasokoneza: 03/07 ndi 3 Julayi m'dziko muno, koma pulogalamu yotsata kalembedwe ka ku America imawerenga 7 Malichi.

Chachitatu ndi kugawidwa kwa masheya. Kampani ikhoza kugawa sheya imodzi kukhala ziwiri. Masheya 900 a mtengo wapakati wa 2.86 MT amasanduka 1,800 a 1.43 MT, ndipo mtengo wa pamsika umachoka pa 3.20 MT kufika pa 1.60 MT. Chuma chake ndi 2,880 MT yomweyo. Kugawaku kukapanda kulembedwa, pulogalamu imachulukitsa 900 ndi 1.60 n'kuonetsa ngati theka la chuma latayika.

Chachinayi ndi kufufuta masheya amene agulitsidwa. Mzere wogulira ukafufutidwa, mbiri ya phindu kapena kuluza kwake imapita nawo, ndipo carteira imaoneka bwino kapena moipa kuposa zoona. Kugulitsa kumalembedwa ngati mzere watsopano, wakale n'kusiyidwa pomwepo.

Njira yachidule yoyesera ngati zonse zili bwino ndi iyi: kuphatikiza mtengo wa lero wa masheya otsala, ndalama zonse zogulitsira ndi madividendi, kenako kuchotsapo ndalama zonse zimene zidalowa. Pa chitsanzo cha mlimi uja, 2,880 kuphatikiza 1,880 kuphatikiza 162 ndi 4,922 MT. Kuchotsapo 4,290 kumatsala 632 MT. Pulogalamu ikaonetsa nambala ina, pali mzere umene ukusowa kapena walembedwa molakwika.

Pulogalamu si banki

Pulogalamu yotsatira masheya ndi kope lowerengera chabe. Umboni wa umwini uli pa akaunti ya masheya ya ku banki ndi m'kaundula wa Central de Valores Mobiliários, amene amayendetsedwa ndi BVM. Chiwerengero cha masheya mu foni chikasiyana ndi cha pa extracto, cha pa extracto ndicho chimatsatidwa, ndipo ndi bwino kufananitsa ziwirizi nthawi iliyonse madividendi akalipiridwa.

Pulogalamu yongowerengera sifuna nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena ya banki, ndipo silandira ndalama. Akuba amapanga mapulogalamu amene amaonetsa phindu lokwera tsiku lililonse popanda sheya yeniyeni kumbuyo kwake, n'kumapempha malipiro ena munthu akafuna kutulutsa ndalama zake. Amene amayang'anira mabanki ndi akhalapakati a msika wa masheya m'dziko muno ndi Banco de Moçambique, ndipo bungwe lililonse lotenga ndalama za anthu pa ntchito imeneyi liyenera kukhala ndi chilolezo chake.

Foni imatha kutayika kapena kuwonongeka. Makalata ogulira ndi ogulitsira, ma extracto ndi kope lolembedwa pamanja zimasungidwa pamalo ouma pamodzi ndi makalata ena a banja, ndipo wina wa m'banjamo ayenera kudziwa banki imene ikusunga masheyawo. Ndi mapepala amenewa, masamu onse a phindu ndi kuluza akhoza kuwerengedwanso kuyambira pa tsiku loyamba kugula.